Kuteteza khanda ku GBS: kuyeza mayi aliyense, kuyang'ana zizindikiro, kapena kudikira katemera?

Mwa amayi asanu alionse amene akhala pabenchi kudikira sikelo, mmodzi amakhala ndi tizilombo totchedwa Group B Streptococcus, mwachidule GBS, m'matumbo mwake kapena m'njira yoberekera. Iye sadwala. Palibe pomwe pamamuwawa, chikazi chake sichisintha, ndipo akhoza kukhala nato nthawi yaitali osadziwa. Kafukufuku amene anachitika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pakati pa 2008 ndi 2010 anapeza tizilomboti mwa amayi pafupifupi 21 pa 100 alionse, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa amayi omwe ali ndi HIV ndi omwe alibe. Padziko lonse chiwerengerochi chili cha m'ma 18 pa 100. Ndinene pachiyambi pomwe, popeza nkhani zotere zimagwedeza mabanja: GBS sawerengedwa m'gulu la matenda opatsirana pogonana, si chizindikiro cha uve, ndipo mayi akapezeka nato palibe chifukwa cholozerana zala m'nyumba. Ndi tina mwa tizilombo tambirimbiri timene timakhala m'thupi la munthu wathanzi, timabwera n'kuchoka tokha.

Amene ali pachiopsezo ndi mwana. Podutsa m'njira, kapena nsupa ikasweka tizilombo n'kukwera kukafika m'madzi omwe mwana alimo, pafupifupi theka la ana obadwa kwa amayi otere amatenga GBS pakhungu, m'mphuno kapena m'kamwa. Ambiri sichiwachitikira kanthu. Koma mmodzi kapena awiri pa 100 alionse amadwala mwakayakaya: tizilombo timalowa m'magazi, m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, kapena kubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Ndipo matendawa sachedwa. Mwana wobadwa m'mawa akulira bwinobwino, pofika madzulo akubuula popuma, bere wakana, thupi lazizira.

Madokotala amagawa matendawa pawiri. Pali oyamba msanga, m'sabata yoyamba ya moyo, ndipo ambiri mwa amenewa amaonekera tsiku loyamba lomwelo. Palinso ochedwa, kuyambira tsiku la 7 mpaka mwana atakwana miyezi itatu. Musaiwale kusiyana kumeneku, chifukwa mankhwala onse operekedwa kwa mayi amateteza ku oyambawo basi. Pa Queen Elizabeth, m'zaka za 2004 ndi 2005, ofufuza anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo, pafupifupi mmodzi ankadwala GBS woyamba msanga, winanso mmodzi wochedwa, ndipo mwa ana atatu odwala mmodzi ankamwalira. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi sukulu ya ukachenjede ya London School of Hygiene and Tropical Medicine la mu 2021 linati chaka chilichonse GBS amapha makanda pafupifupi 91,000, amachititsa kuti ana 46,000 abadwe atafa kale, ndipo amakhudzidwa pa kubadwa masiku asanakwane kwa ana oposa 500,000. Mtolo waukulu wa imfazi uli kuno ku Africa.

Pali mfundo imodzi imene mayiko onse amagwirizana. Mayi amene ali ndi GBS akalandira penisilini kudzera mumtsempha matenda a kubereka atayamba, makamaka kutatsala maola anayi kapena kuposerapo kuti mwana abadwe, mwayi woti khanda lidwale m'sabata yoyamba umatsika kwambiri. Mkangano uli pa mafunso awiri: tidziwa bwanji mayi woti alandire, nanga alandire mankhwala ati pamene tizilombo tambiri tayamba kusamva mankhwala? Mu 2024 WHO inalangiza kuti dziko lililonse likhale ndi njira yodziwira amayi ofunika mankhwalawa, kaya yoyeza aliyense kaya yoyang'ana zizindikiro za chiopsezo. Sinakakamize imodzi, chifukwa iliyonse ili ndi pake.

Kuyeza mayi aliyense masiku akayandikira

Iyi ndi njira ya ku America, ndipo Canada ndi mayiko angapo a ku Ulaya amaitsatiranso. Mimba ikafika masabata 36 kapena 37, kathonje kamene kali pakamtengo kamapakidwa kunsi kwa njira yoberekera kenako kotulukira chimbudzi. Sipafunika chitsulo chotsegulira njira, ndipo mayi akauzidwa bwino akhoza kudzipaka yekha m'chipinda. Kathonjeko kamapita kulabu, n'kuikidwa m'madzi apadera omwe amalola GBS kuswana koma amaletsa tizilombo tina, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu yankho limatuluka. Mayi akapezeka nato amalembedwa m'buku kuti tsiku lochira alandire penisilini.

Zotsatira zake zimaoneka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku America ana pafupifupi 1.7 pa 1,000 ankadwala GBS woyamba msanga. Bungwe la boma la America loona za matenda la CDC linatulutsa malangizo mu 1996 olola njira zonse ziwiri, ndipo mu 2002, ataona kuti kuyeza kukuteteza ana ambiri kuposa kungoyang'ana zizindikiro, linati aliyense aziyezedwa. Pofika 2015 chiwerengero chija chinali chitatsika kufika pa 0.23. Palibe njira ina imene yaonetsa kutsika kotere.

Koma njirayi ili ndi mipata. Popeza GBS amabwera n'kuchoka, yankho limadalirika kwa masabata asanu okha. Mayi woyezedwa msanga akhoza kufika tsiku lochira zinthu zitasintha. Ku America komweko ofufuza anapeza kuti mwa ana obadwa masiku atakwana amene anadwalabe, oposa theka amayi awo anali atayezedwa n'kupezeka alibe. Mwana wobadwa masiku asanakwane, yemwe ndiye amafa kwambiri ndi matendawa, amabadwa tsiku loyezera lisanafike. Komanso amayi ambiri amalandira mankhwala pomwe ana awo sakanadwala: ku America pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu amalandira maantibayotiki pochira.

Kwathu kuno vuto limakula pena. Pasikelo ya boma mayi amayezedwa HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi, amalandira Fansidar, mapiritsi owonjezera magazi ndi katemera wa kafumbata. Kuyeza GBS sikuli pamndandandawo. Malabu otha kukulitsa tizilombo ali m'zipatala zazikulu zochepa ndi zina zolipira. Kuti kathonje kachoke pachipatala chaching'ono chakumudzi, kafike kulabu kakadali bwino, yankho libwerere n'kulembedwa m'buku la mayiyo asanachire, pafunika galimoto, mafuta, mankhwala a mulabu ndi munthu wolondola zonsezi. Amayi ambirinso amayamba sikelo mochedwa osajambulidwa, kotero sabata ya 36 imakhala yongoyerekeza.

Kuyang'ana zizindikiro za chiopsezo

Britain anasankha njira ina, ndipo zipatala za boma ku South Africa zimayenda momwemo. Pano palibe kathonje. Mzamba amafunsa ndi kuyang'ana: kodi matenda ayamba mimba isanakwane masabata 37? Kodi mayi watentha thupi kufika madigiri 38 ali pamatenda? Kodi anaberekapo mwana amene anadwala GBS? Kodi GBS anapezekapo m'mkodzo wake pamimba inoyi? M'mayiko ambiri amawonjezerapo funso la nsupa: kodi yatha maola 18 chiswekere mwana asanabadwe? Chimodzi mwa izi chikapezeka, mayi amaikidwa diripi.

Komiti yoona za kuyeza anthu ku Britain inakana mu 2017 zoti amayi onse aziyezedwa. Inati amayi ochuluka angalandire mankhwala osafunika pofuna kuteteza ana ochepa, ndipo kuipa kwa maantibayotiki pa tizilombo tabwino ta m'matumbo a khanda sikuyenera kupeputsidwa. Otsutsa amayankha ndi ziwerengero: kumeneko ana odwala GBS woyamba msanga anakwera kuchoka pa 0.48 pa 1,000 cha m'ma 2000 kufika pa 0.57 cha m'ma 2014, pomwe ku America akutsika. Kufooka kwa njirayi n'koonekeratu. Ana ambiri odwala amabadwa kwa amayi omwe analibe chizindikiro chilichonse: mimba yokwana, thupi losatentha, nsupa yosweka panthawi yake. Mbali inayi, amayi ambiri okhala ndi chizindikiro alibe GBS n'komwe, koma amalandirabe mankhwala.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti iyi ndiyo njira imene tingaikwanitse lero m'chipatala chilichonse chochiritsira, ndipo ikachitidwa mokhulupirika ingapulumutse ana ambiri. Sifuna labu. Imafuna choyezera kutentha kwa thupi, wotchi, penisilini, zoikira diripi, ndi mzamba wokhala ndi mpata wofunsa. Amayi oposa 90 pa 100 m'Malawi amachirira kuchipatala, malinga ndi kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016, ndiye khomo lofikira amayiwa lilipo kale. Pamene njirayi imagwera kwathu si pa mfundo zake ayi, koma pa kachitidwe. Nsupa yasweka usiku kunyumba, palibe amene wayang'ana nthawi. Mayi wadikira kuti kuche, kapena kuti ululu ukule, ndipo akufika mwana ali pakhomo, maola anayi aja osapezeka. Mzamba mmodzi akuyang'anira amayi angapo, jakisoni wachiwiri wofunika pakatha maola anayi n'kuiwalika. Nthawi zina m'kabati mulibe mankhwala. Zonsezi n'zotheka kukonza ndi ndalama zochepa kuyerekeza ndi kumanga malabu m'boma lililonse, ndipo nyumba za chidikiro zimathandiza pano kuposa momwe timaziyamikirira, chifukwa mayi amene ali pafupi amafika nthawi ikadalipo.

Makina oyeza mayi ali kale pamatenda

Njira yachitatu imathetsa vuto la yankho lakale. Kathonje kamatengedwa mayi atangofika kudzachira, n'kuikidwa m'makina ofufuza chibadwa cha tizilombo, ndipo yankho limatuluka pakatha pafupifupi ola limodzi. Makina a GeneXpert, omwe zipatala zathu zambiri zimayezera makhololo a TB, amatha kuyezanso GBS akapatsidwa katiriji yake. Ubwino wake ndi woti amaonetsa mmene zinthu zilili tsiku lomwelo, ndipo amafikira ngakhale mayi wochira masiku asanakwane kapena amene sanapiteko kusikelo. Koma katiriji ndi yodula, makina ayenera kukhala pafupi ndi chipinda chochirira usana ndi usiku, magetsi asazime, ndipo ola lodikira yankho limadya gawo la maola anayi aja. Makinawa sanenanso ngati tizilombo tapezekato timamva clindamycin, mankhwala olowa m'malo mwa penisilini, kapena ayi, zomwe n'zofunika kwa mayi wodana ndi penisilini. M'zipatala zazikulu njirayi ingathandize amayi okhala ndi zizindikiro, kuti amene alibe GBS asalandire mankhwala pachabe. Kuifikitsa kwa aliyense pakali pano n'kovuta.

Njira zooneka zachidule

Mayi akamva kuti ali ndi GBS, maganizo oyamba amakhala oti amweretu mapiritsi kuti tsiku lochira lidzamupeze ali woyera. Ena amagula amoxicillin pasitolo ya mankhwala, ena amapempha kwa dokotala. Njirayi sigwira. Nkhokwe ya GBS ili m'matumbo, ndipo mapiritsi akatha tizilombo timabwerera m'njira pasanathe nthawi. Mayi amangotsala ndi chikhulupiriro choti watetezeka, mwinanso osatchula nkhaniyi kwa mzamba, pomwe tizilombo tina m'thupi mwake tazolowera mankhwalawo. Pokhapokha GBS akayambitsa matenda a m'chikhodzodzo, kapena akapezeka wochuluka m'mkodzo, mpamene mayi amapatsidwa mapiritsi ali ndi pakati. Ngakhale apo, tsiku lochira diripi imafunikabe.

Kutsuka njira yoberekera ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa chlorhexidine kunabweretsa chiyembekezo chachikulu, ndipo mbiri yake ikukhudza Blantyre. Kafukufuku wa pa Queen Elizabeth wofalitsidwa mu 1997, wokhudza amayi pafupifupi 7,000, anaonetsa kuti kupukuta njira ndi khanda ndi mankhwalawa kunachepetsa matenda ndi imfa za makanda zobwera ndi tizilombo. Njira yotsika mtengo chonchi, yosafuna jakisoni, aliyense anaifuna. Koma kafukufuku wina wa ku Soweto wofalitsidwa mu 2009, wa amayi oposa 8,000 ogawidwa mwamaere, sanapeze kusiyana pa matenda a makanda ngakhale pa kupatsira GBS. N'chifukwa chake WHO silimbikitsa kutsukaku ngati njira yopewera GBS. Musasokoneze izi ndi chlorhexidine wopaka pamchombo wa khanda. Ameneyo ndi nkhani ina ndipo ali ndi ntchito yake.

Palinso maganizo opatsa mayi aliyense azithromycin kamodzi ali pamatenda. Kafukufuku wa A-PLUS wofalitsidwa mu 2023, wa amayi oposa 29,000 m'mayiko asanu ndi awiri kuphatikizapo Zambia, Kenya ndi Democratic Republic of Congo, anapeza kuti mankhwalawa anachepetsa matenda oopsa a m'magazi kapena imfa mwa amayi kuchoka pa 2.4 kufika pa 1.6 pa 100. Imeneyo ndi nkhani yabwino kwa amayi. Kwa makanda sipanaoneke phindu. Ndiponso azithromycin ndi wabanja limodzi ndi erythromycin, banja lomwe GBS wayamba kale kulikana.

Za kuika adyo, yogati kapena zitsamba m'njira, palibe umboni woti zimateteza mwana, ndipo kuika zinthu m'njira nsupa itasweka kumalowetsa tizilombo tina.

Nanga mankhwala ake ndi ati?

Apa mpamene pagona nkhani ya kusamva mankhwala, ndipo mpamene anthu ambiri amasokonezeka. Timakonda kuganiza kuti mankhwala atsopano, odula, ndiwo amphamvu. Pa GBS zili mosiyana. Mankhwala odalirika kwambiri ndi akale aja, benzylpenicillin, omwe m'mawodi mwathu amawatcha X-pen. Ku Britain amayamba ndi magalamu 3 mumtsempha, kenako 1.5 maola anayi alionse mpaka mwana abadwe. Ku America amayamba ndi mayunitsi 5 miliyoni, kenako 2.5 kapena 3 miliyoni. Ampicillin amagwiranso bwino, magalamu 2 poyamba kenako galamu imodzi maola anayi alionse, ngakhale kuti iye amakhudza mitundu yambiri ya tizilombo kuposa penisilini. Patatha zaka makumi angapo mankhwalawa akuperekedwa kwa amayi mamiliyoni, GBS akumvabe penisilini pafupifupi paliponse. Ku Japan mu 2008 kunalengezedwa mitundu ina yomwe yayamba kuuma mutu pang'ono chifukwa cha kusintha kwa puloteni imene penisilini amagwirapo, koma yambiri inapezeka m'makhololo a okalamba, ndipo ikadali yosowa. Ndi chenjezo loti tisamale, osati chifukwa chosiyira penisilini.

Amene alephera ndi mankhwala olowa m'malo. Tetracycline anatha ntchito pa GBS kalekale. Mitundu yoposa 80 pa 100 simumva, ndipo sapatsidwanso kwa mayi wapakati. Erythromycin anachotsedwa pamndandanda wa CDC mu 2010. Pofika 2016 ku America GBS woposa theka anali wosamva erythromycin, ndipo woposa 40 pa 100 wosamva clindamycin, ndipo CDC inamutchula pamndandanda wa ziopsezo m'malipoti ake a 2013 ndi 2019. Ku Britain bungwe la madokotala a amayi la RCOG linasiya kulimbikitsa clindamycin mu 2017 kusamvako kutafika pa 16 pa 100. Ku China ziwerengero n'zokwera kuposa pamenepa. Choopsa china n'chakuti GBS wina amaoneka ngati akumva clindamycin mulabu, koma ali ndi chibadwa chobisika chomwe chimadzuka mankhwala akayamba. N'chifukwa chake labu yodziwa ntchito imachita kuyeza kwina kotchedwa D-test isananene kuti clindamycin agwira. Erythromycin akuperekedwabe kwa mayi amene nsupa yasweka masiku asanakwane, koma cholinga chake ndi china, ndipo matenda akayamba salowa m'malo mwa penisilini.

Ndiye taonani amene ali pamavuto: ndi mayi yemwe m'buku mwake munalembedwa kuti thupi lake limadana ndi penisilini. Iyeyo ndi amene amakankhidwira ku mankhwala omwe tizilombo tikuwakana. Pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi amanena kuti amadana ndi penisilini, koma akayezedwa bwino, oposa 80 pa 100 mwa iwo amapezeka kuti alibe vuto. Wina anatuluka tizidzolo ali mwana, mwina chifukwa cha matenda omwe ankadwalawo. Wina anangotsegula m'mimba kapena kuchita nseru. Wina anamva kwa amayi ake. Mawu amodzi olembedwa zaka makumi awiri zapitazo akhoza kumana mwana wake chitetezo chabwino koposa. Choncho nkhaniyi ikambidwe kusikelo, osati pabedi lochirira. Mufotokozereni namwino zomwe zinachitika: mankhwala ake anali ati, panapita nthawi yotani musanayambe kumva zachilendo, kodi milomo kapena nkhope zinatupa, kodi munabanika, munakomoka, kapena khungu linasupuka? Ngati zinali zazing'ono, mankhwala a banja la cephalosporin amagwira bwino: ku America amapereka cefazolin, ku Britain cefuroxime. Ngati zinali zoopsa monga kubanika, penisilini asayandikire n'komwe, ndipo otsala ndi clindamycin pokhapokha labu yatsimikiza kuti agwira, apo ayi vancomycin, yemwe ndi wodula, amalowa pang'onopang'ono mudiripi, ndipo m'zipatala zing'onozing'ono sapezeka. Kumene kuli akatswiri, kuyeza pakhungu kuti aone ngati munthu amadanadi ndi penisilini kumachitika ngakhale ali ndi pakati.

Funso lina limene limabwera ndi la ceftriaxone, mankhwala opha mitundu yambiri ya tizilombo nthawi imodzi. Ali paliponse m'zipatala zathu, amabayidwa kamodzi patsiku, ndipo GBS amamumva. Bwanji osangopatsa mayi aliyense wokayikitsa? Chifukwa penisilini ali ngati kuzula kaufiti m'munda chimanga n'kutsala, pamene ceftriaxone ali ngati kutentha munda wonse: zoyamba kumeranso zimakhala zouma mutu zija. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula magazi a odwala pa Queen Elizabeth kwa zaka zambiri ndipo mu 2017 anafalitsa zoti pakati pa 2003 ndi 2016, kachilombo ka E. coli kosamva mankhwala a mtundu wa ceftriaxone kanakwera kuchoka pa ochepera 1 kufika pa 30 pa 100, ndipo Klebsiella kuchoka pa 12 kufika pa 90 pa 100. Klebsiella ndi mmodzi mwa tizilombo topha makanda kwambiri m'zipinda zosamalira ana obadwa kumene. Tikateteza mwana ku GBS ndi mankhwala otakata, tikhoza kumutsegulira khomo la tizilombo tomwe mankhwala ake sitingawapeze. Ku America nakonso, pakati pa ana obadwa ochepa thupi kwambiri, E. coli ndiye analanda malo a GBS, ndipo wambiri samva ampicillin. Ichi ndicho chifukwa chosankhira penisilini pomwe alipo.

Mayi wochira ndi opaleshoni yokonzeratu, matenda asanayambe ndiponso nsupa isanasweke, safunika diripi ya GBS ngakhale atapezeka nato. Amalandira mankhwala a opaleshoni okha. Kukhala ndi GBS pakokha si chifukwa chochitira opaleshoni, ndiponso sikuletsa kuyamwitsa.

Katemera

Njira zonse tazitchulazi zimasiya mipata itatu yosatsekeka: matenda ochedwa, ana ofera m'mimba, ndi amayi ofika mochedwa kapena ochirira panjira. Ku America, komwe matenda oyamba msanga anatsika kwambiri, ochedwa sanasunthe. Katemera wobaya mayi ali ndi pakati angatseke mipata yonseyi, chifukwa chitetezo chimadutsa m'nsengwa kupita kwa mwana n'kumusunga miyezi yoyambirira, monga mmene zimakhalira ndi katemera wa kafumbata yemwe amayi athu anamuzolowera kale. Safuna labu, safuna diripi, ndipo sawonjezera vuto la kusamva mankhwala.

Amayi a ku Blantyre anatengapo gawo pantchitoyi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, wochitika ku Malawi ndi ku South Africa, anayesa katemera wa mitundu itatu ya GBS ndipo anapeza kuti sanabweretse vuto, koma amayi omwe ali ndi HIV anapanga chitetezo chocheperapo. Mfundo imeneyi ndi yolemera kwa ife, chifukwa ku Soweto kunaonekanso kuti ana obadwa kwa amayi omwe ali ndi HIV amadwala GBS wochedwa kawirikawiri ngakhale iwo asanatenge HIV. Mu 2023 zotsatira za katemera wa Pfizer wa mitundu isanu ndi umodzi, woyesedwa ku South Africa, zinaonetsa kuti chitetezo chimafikadi kwa mwana pamlingo wopatsa chiyembekezo. Kampani ya MinervaX ya ku Denmark ikuyesa wina wopangidwa mosiyana. Komabe katemera wa GBS sanafike pasikelo, ndipo mayi amene ali ndi pakati chaka chino sangamuwerengere.

Mayi achite chiyani malinga ndi kumene ali

Mukakhala ku America, mudzayezedwa. Funsani yankho lanu ndipo mulidziwe pamtima. Mukakhala ku Britain, chipatala cha boma cha NHS sichiyeza aliyense, koma mukapezeka ndi GBS mwa njira ina iliyonse pamimba imeneyi, ngakhale mwa kuyezetsa kolipira, amakupatsani penisilini pochira; ngati munapezeka nato pamimba yapita, muli ndi mwayi wopempha kuyezedwa kapena kulandira mankhwala. Mukakhala ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka kapena Johannesburg ndipo mumapita kuchipatala cholipira chokhala ndi labu yodalirika, kuyezetsa pa sabata ya 36 kapena 37 ndi ndalama yopita pabwino, makamaka ngati thupi lanu limadana ndi penisilini. Nenani kuti labu ilembe zimenezo, kuti iyezenso clindamycin. Onetsetsani kuti kathonje katengedwa malo onse awiri, chifukwa ka m'njira yokha kamaphonya ambiri.

Kwa amayi ochuluka amene amachirira kuchipatala cha boma, chida chanu ndi nthawi ndi pakamwa panu. Nsupa ikasweka, yang'anani nthawi pafoni n'kunyamuka, ululu ulipo kapena palibe. Mukafika nenani ola lenileni. Ngati mukumva kutentha thupi kapena kuzizidwa, musadikire kuti akufunseni. Ngati munatayapo khanda m'masiku oyamba, kapena linagonekedwapo ndi matenda a m'magazi kapena oumitsa khosi, zilembedwe m'buku la sikelo pa ulendo woyamba. Odikirira, kaya ndi apongozi, achemwali kapena bambo a mwana, akhoza kufunsa mwaulemu: "Anamwino, nsupa inasweka dzulo madzulo, kodi sakufunika X-pen?" Ndipo akaikidwa woyamba, kumbutsani za wachiwiri maola anayi akakwana. Ngakhale mwana akuoneka kuti abadwa maola anayi asanathe, mankhwala aperekedwebe, chifukwa ngakhale maola awiri amachepetsako tizilombo. Koma kuchira sikuchedwetsedwa pofuna kukwanitsa maolawo.

Mwana akabadwa, maso onse akhale pa iye, kaya mayi analandira mankhwala kaya ayi. Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala ndi izi: kukana kuyamwa, kubuula kapena kupuma mothamanga kufika ka 60 pamphindi, nthiti kulowa m'kati popuma, thupi kutentha kapena kuzizira, kufooka mpaka osagwedezeka pokhapokha mutamugwedeza, kulira kosatonthozeka, liwombo kutukumuka, ndi kukomoka. Matenda ochedwa aja amamupeza mwana ali kunyumba, nthawi zina akadali m'chikuta, pamene akuluakulu safuna kuti atulutsidwe mchombo usanagwe. Mwambo umenewo usamuchedwetse. Khanda losakwana miyezi itatu likaonetsa chimodzi mwa zizindikirozi lipite kuchipatala usiku womwewo, osayamba lapatsidwa Panado kapena mankhwala otsala a mkulu wake, ndipo buku la sikelo la mayi lipite nawo kuti dokotala aone ngati nsupa inasweka msanga, ngati mayi anatentha thupi, ndi mankhwala omwe analandira pochira.